NYALI IUNIKENSO M'KATI MWA CHIPANI

Mawu olankhulidwa kwa anthu ovota a ku Edingeni ndi midzi yozungulira, m'boma la Mzimba

Ulemu wanga woyamba upite kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, eni ake a bwalo lino la Edingeni. Ulemu kwa amakhosi onse, mafumu, nduna, abusa a mipingo, aphunzitsi, azibambo, azimayi ndi inu achinyamata. Ena mwachokera ku Embangweni, ena ku Manyamula, ena kumalire ku Mqocha. Mwasiya makasu ndi ng'ombe kuti mudzamve, ndiye sinditaya nthawi yanu.

M'manja mwangamu mulibe khadi, mulibe chitenje, mulibe mchere kapena sopo. Ndabwera ndi funso limodzi lokha, ndipo ndikupemphani kuti mupite nalo kunyumba. Funso lake ndi ili: chipani chimene inu mumachivinira, chimamuchita chiyani mwana wake weniweni akaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Bwana, apa ayi, mwalakwitsa"?

Mwina wina akuti, "Zimenezo n'za eni ake ku Lilongwe, ife zikutikhudza pati?" Dikirani pang'ono. Ndikuonetsani kuti mmene chipani chimachitira ndi mwana wake wotsutsa ndi mmenenso chidzachitire ndi inu chikadzalowa m'boma.

TSIKU LA NYALI

Akuluakulu mukukumbukira pa 14 Juni 1993. Tinadzuka kusanache, kuzizira kwa Juni kuli tsoo, n'kukaima pamzere. Patsogolo pathu panali zizindikiro ziwiri: tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndi nyali ya matipate. M'dziko lonse, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Kuno kumpoto anali pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse.

Tinkakana chiyani tsiku limenelo? Tinkakana kugula khadi mokakamizidwa pachipata cha msika. Tinkakana kuyang'ana kumbuyo tisanalankhule. Tinkakana zimene zinachitika mu 1989, pamene aphunzitsi a kumpoto anachotsedwa m'sukulu za pakati ndi kumwera n'kubwezedwa kwawo ngati alendo m'dziko lawo lomwe. Koma gwero la zonsezo linali limodzi: chipani chimene chinaiwala kumvera ana ake. Tiyeni tibwerere komwe zinayambira.

MKANGANO WA 1964

Dziko lino linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri, nduna za boma zinakhala pansi ndi Dr Kamuzu Banda n'kumuuza madandaulo awo. Nduna zimenezi sizinali alendo m'chipani cha Kongeresi. A Orton Chirwa ndiwo anayambitsa chipanichi mu 1959, Kamuzu ali m'ndende ku Gweru, ndipo atatuluka mu 1960 anamupatsa mpando. A Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume anali m'gulu la anthu amene anamuitana kuti abwere kwawo adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya.

Madandaulo awo anali otani? Mvetserani bwino, chifukwa anali madandaulo anu. Ankakana kuti wodwala azilipira tiki, mapeni atatu, asanalandire mankhwala kuchipatala cha boma. Ankadandaula kuti maudindo akuluakulu m'boma akadali m'manja mwa azungu, ndipo malipiro a ogwira ntchito m'boma achikuda sakuwakomera. Ankakana ubale ndi Apwitikizi amene ankapondereza abale athu ku Mozambique. Ankatinso iwo ndi nduna, asamatchedwe "anyamata anga" pagulu, ndipo zinthu zikuluzikulu zizikambidwa kaye asanazigamule.

Mukhoza kugwirizana nawo, mukhozanso kutsutsana nawo. Kamuzu naye anali ndi mfundo zake: ankati dziko losauka, lopanda nyanja yamchere, silingayambane ndi eni njanji ya ku Beira. Imeneyi inali nkhani yoti anthu akhale pansi, atsutsane, avote, wogonja avomereze, mawa adzukenso limodzi kuntchito.

Sizinatero. Pa 7 Sepitembala 1964 Kamuzu anachotsa a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, ndipo a Chipembere, amene anali paulendo ku Canada, atafika anachitanso chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo dzina lawo linasanduka "zigawenga".

Azimayi, Mayi Chibambo ndi mwana wa boma lino la Mzimba, wobadwira ku Kafukule. Anasonkhanitsa azimayi kulimbana ndi chitaganya. Mu 1959 azungu anawatsekera m'ndende ali ndi khanda m'manja. Chipani chimene anachivutikira chinawapirikitsa, anakakhala ku Zambia zaka pafupifupi 30, n'kudzabwerera matipate atabwera. Anamwalira mu 2016, nkhope yawo itaikidwa kale pa ndalama ya K200. Taonani mmene timachitira: munthu timamuthamangitsa akulankhula, n'kudzamuika pandalama atakalamba.

CHITSEKO CHITATSEKEDWA

Mu 1966 lamulo linati chipani n'chimodzi basi. Mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Tinaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu abwino onsewo. Koma palibe ngodya imene inkalola munthu kufunsa kuti "chifukwa chiyani?"

Tsono m'nyumba yopanda zenera, utsi umapita kuti? Ena anatenga mfuti. A Chipembere anayesa mu Febuluwale 1965 kuchokera ku Mangochi, anakalepherera pa Liwonde, ndipo anakafera ku America mu 1975. A Yatuta Chisiza anaphedwa pomenyana ndi asilikali mu 1967. A Orton Chirwa ndi akazi awo Mayi Vera anagwidwa mu Disembala 1981, khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Woyambitsa chipani kufera m'ndende ya boma la chipani chake!

Musaganize kuti amene anatsala m'kati anapulumuka. A Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ananyongedwa mu 1977. A Aleke Banda anakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1992 popanda kuzengedwa mlandu. A Gwanda Chakuamba analowa 1980, anatuluka 1993. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Tinauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Matipate atabwera, bungwe lofufuza linapeza kuti anachita kuphedwa, ngakhale kuti khoti mu 1995 linamasula Kamuzu ndi a John Tembo pa mlanduwo.

Ngati nduna yoyenda pa galimoto ya mbendera inkatha kusowa chonchi, mlimi wa ku Edingeni akanalankhulira pati? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mkwapulo umene unayambira pamsana pa nduna mu 1964 unadzafika pamsana pa mayi wopita kumsika wopanda khadi.

NANGA MATIPATE ANACHIZA MATENDAWA?

Ndiyankha mosabisa. Anachiza mbali imodzi, ina ikadalipo. Kuyambira 1994, munthu wosemphana ndi mtsogoleri wa chipani chake saopsezedwanso kuti akhala nyama ya ng'ona. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko limamupatsa ufulu wotuluka, kulowa chipani china kapena kuyambitsa chake. Limeneli ndi phindu lalikulu la nyali, ndipo wina asakunamizeni kuti kale kunali bwino.

Koma chitseko chotulukira sindicho chokha chimene nyumba imafuna. Imafunanso mpando woti wotsutsa akhalepo, alankhule, amvedwe, osapirikitsidwa. Mpando umenewu zipani zathu zambiri sizinaupale. Tiyambe ndi chipani chimene chigawo chino chinachikonda kwambiri, kuti wina asati ndikuloza zala kwa eni.

PHUNZIRO LA AFORD

Pa 6 Epulo 1992, mwezi umodzi chitulukire kalata ya mabishopu a Katolika, a Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe n'kugwidwa pomwepo chifukwa chofuna matipate. Kulimba mtima kumeneko palibe angakufafanize. Pa chisankho cha 17 Meyi 1994, AFORD inatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, ndi 36 m'dziko lonse. Nyumba ya Malamulo inalibe chipani chokhala ndi aphungu oposa theka, choncho kiyi inali m'manja mwa AFORD.

Kiyi imeneyi inagwiritsidwa ntchito bwanji? Chisankho chitangotha, chipani chinayamba chagwirizana ndi Kongeresi. Pasanathe miyezi ingapo chinalowa m'boma la UDF, a Chihana n'kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Mu 1996 anatuluka m'boma, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo, chipani n'kung'ambika. Mu 1999 chinabwereranso kwa Kongeresi, mipando inatsika kufika pa 29. Ndikufunseni inu amene munali m'makomiti a nthambi masiku amenewo: pa kutembenuka konseku, anabwera kangati kudzamva maganizo anu?

Chachikulu chinachitika mu 2002. Panabwera bilu yofuna kuchotsa malire a zaka zimene pulezidenti angalamulire, kuti a Bakili Muluzi aimenso. Amene anaibweretsa m'Nyumba ya Malamulo anali phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, ndipo a Chihana anaichirikiza. Aphungu ena a chipanichi anakana. Pa 4 Julayi 2002 biluyo inapeza mavoti 125 pamene inkafuna 128. Inagwa ndi mavoti atatu okha.

Ganizirani zimenezo, azibambo ndi azimayi. Mavoti atatu! Chikanakhala kuti phungu aliyense tsiku limenelo anamvera bwana wake, mwina bwenzi titabwerera ku upulezidenti wopanda malire, zaka 9 zokha titavotera nyali. Anapulumutsa dziko ndi anthu amene zipani zawo zinkawatcha osamvera.

Kodi AFORD inawathokoza? Ayi, mkangano unakula mpaka ena anatuluka n'kukayambitsa chipani cha MGODE. Pa chisankho cha 2004 AFORD inapeza mipando 6. Mu 2009 unatsala umodzi. Kuchoka pa 36 kufika pa umodzi m'zaka 15! Ndipo mu 2018 chipani chochepa kalecho chinachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina kusankha a Enoch Chihana, wina a Frank Mwenifumbo, nkhani n'kukathera kukhoti. Mdani wakunja sanagwetse nyumba imeneyi. Chiswe chinali m'mizati.

MATENDAWA SASANKHA MTUNDU WA CHITENJE

Kongeresi, Kamuzu atapuma, inagawika pakati pa a Chakuamba ndi a Tembo. Mu 2000 nayonso inachititsa misonkhano iwiri, wina ku Blantyre wina ku Lilongwe, ndipo pofika 2004 a Chakuamba anali ndi chipani chawo cha Republican. Mu 2018 a Richard Msowoya, wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipanichi komanso sipikala wa Nyumba ya Malamulo, anasemphana ndi anzawo n'kupita ku UTM.

Ku UDF, a Brown Mpinganjira atachotsedwa anayambitsa NDA mu 2001. A Muluzi atalephera kuimanso, analoza a Bingu wa Mutharika kuti ndiwo alowe m'malo, akuluakulu ena monga a Aleke Banda n'kutuluka. A Bingu omwewo, atapambana mu 2004, anachisiya chipanicho mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP.

Tsopano tifike pakhomo pano. Mu Disembala 2010, DPP inachotsa Mayi Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko, pamodzi ndi a Khumbo Kachali, phungu wa kuno ku Mzimba South West. Chipani chinati akugawa anthu. Dziko lonse linkadziwa kuti pansi pa nkhaniyi panali funso la yemwe adzalowe m'malo mwa a Bingu, pamene akuluakulu ambiri a chipani anali atayamba kale kutchula mng'ono wawo, a Peter Mutharika.

Taonani zimene zinatsatira. Patangopita miyezi 7, pa 20 Julayi 2011, anthu anatuluka m'misewu kudandaula za kusowa kwa mafuta ndi kayendetsedwe ka boma. Anthu 20 anafa, ena mwa iwo pa Mzuzu pompa. Khutu limene latseka kwa wachiwiri wake silingatseguke kwa wogulitsa tomato.

A Bingu atamwalira mu Epulo 2012, Mayi Banda analowa pampando, a Kachali anakhala wachiwiri wawo, ndipo aphungu ambiri amene dzulo lake ankawanyoza anathamangira ku PP. Pofika 2014, Mayi Banda anasankha a Sosten Gwengwe kuti aime nawo, a Kachali n'kuchirikiza a Peter Mutharika. Mu 2018 a Saulos Chilima anatuluka mu DPP n'kuyambitsa UTM. Mu 2024 DPP inachotsa a Kondwani Nankhumwa, nawonso anayambitsa chawo.

Werengani bwino mndandanda umenewu. UDF inabala DPP. DPP inabala PP ndi UTM. Zipani zathu zambiri zinabadwa pa ndewu ya m'nyumba, monga banja limene mwana aliyense akakula amachoka mokwiya, osatsazika.

MIKANGANO ILIPO MITUNDU IWIRI

Pano tisamale, chifukwa si aliyense wotuluka m'chipani amene ali ngwazi. Pali mkangano wa mfundo, palinso mkangano wa mpando.

Mkangano wa mfundo ndi uja wa tiki ya kuchipatala mu 1964, kapena wa malire a zaka za pulezidenti mu 2002. Anthu akusiyana maganizo pa chinthu chokhudza moyo wanu: feteleza wotsika mtengo apite kwa yani, chimanga chigulidwe pa mtengo wanji, ndalama za chitukuko zigawidwe bwanji pakati pa maboma, dziko liyendetsedwe kuchokera ku Lilongwe kokha kapena zigawo zikhale ndi mphamvu zake. Mkangano wotere ndi mankhwala. Chipani chopanda mkangano wotere n'chakufa kapena n'chamantha.

Mkangano wa mpando ndi uja woti nonse mukugwirizana pa chilichonse, kupatula dzina la woti akhale kutsogolo. Munthu dzulo ankavala buluu, lero lalanje, mawa chofiira, koma mukamufunsa chimene chasintha m'maganizo ake sangakuuzeni.

Mungawasiyanitse bwanji? Funsani zinthu ziwiri. Choyamba: analankhula liti? Amene anadzudzula akadali pampando, galimoto ya boma ili pakhomo, podziwa kuti aitaya, ameneyo mumvereni. Amene anayamba kuona zolakwa tsiku limene anachotsedwa unduna, muyambe mwamuyeza. Chachiwiri: m'chipani chake chatsopanocho, iye amalola kutsutsidwa? Ambiri othawa nkhanza za bwana amakamanga nyumba yofanana ndendende ndi imene anaithawa, kusiyana kwake n'koti tsopano bwana ndi iwo.

ANGONI, IZI MUKUZIDZIWA KALE

Pabwalo lino sindingaphunzitse mbiri eni ake ali pompano, koma ndiloleni ndikumbutse. Zwangendaba anawoloka Zambezi ndi anthu ake mu 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Anayenda nawo ngati mtundu umodzi mpaka ku dziko la Ufipa, ku Tanzania ya lero, kumene anamwalira cha m'ma 1848. Atangomwalira, panabuka kusamvana pa za wolowa ufumu. Otsatira Ntabeni analowera kumpoto. A Zulu Gama anapita kummawa, cha ku Songea. Mpezeni anakathera ku Chipata. M'mbelwa anadzakhazikika kuno. Mtundu umodzi, njira zinayi.

Gulu limene lamangidwa pa munthu mmodzi limagwedezeka tsiku limene funso la wolowa m'malo lafika. Onani mikangano yonse ndatchula ija: 2000, 2002, 2010, 2018. Pafupifupi yonse ndi ya funso lomwelo.

Koma makolo anatisiyiranso mankhwala ake. Mlandu ukafika pamphala, fumu siyamba ndiyo kulankhula. Amayamba ndi wodandaula, kenako woyankha, kenako mboni, madoda ndi nduna. Fumu imamvetsera, n'kudzamanga nkhani pomaliza. Wogonja pamlandu sasamutsidwa m'mudzi. Mawa mumuona pamaliro akukumba nawo manda. Nduna imene imangovomera chilichonse, fumu yanzeru imadziwa kuti ilibe nayo phindu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati mudzi umatha zimenezi, chipani chofuna kulamulira dziko lonse chilephera bwanji?

Ndipo n'zotheka. Mu 2013 a Henry Chimunthu Banda anapikisana ndi a Peter Mutharika pamsonkhano waukulu wa DPP, anagonja, ndipo chipani sichinagawike. Chaka chomwecho nthumwi za Kongeresi zinasankha a Lazarus Chakwera pakati pa opikisana ambiri, a Tembo n'kupuma. Zipani zonse ziwirizi zinadzapambana zisankho pambuyo pake, DPP mu 2014, Kongeresi ndi anzake a mgwirizano mu 2020. Ana athu amene ali ku Joni angakuuzeninso kuti mu 2007, ku Polokwane, nthumwi za ANC zinakana a Thabo Mbeki pa utsogoleri wa chipani iwo akadali pulezidenti wa dziko. Bokosi la voti likagwira ntchito m'kati mwa chipani, mkangano umathera m'bokosimo.

INU ZIKUKUKHUDZANI PATI?

Choyamba, pa chisankho cha chipulula. Mumadzuka m'mawa, mumaima kumbuyo kwa munthu amene mukumufuna, mzere wake n'kutalika kuposa wa mnzake. Madzulo mumamva kuti wapambana ndi wa mzere waufupi, chifukwa ndiye wokondedwa kulikulu. Apo wotsutsa amene waponderezedwa si nduna ya ku Lilongwe, ndinu. N'chifukwa chake aphungu oima paokha achuluka: 52 mu 2014, 55 mu 2019. Ambiri mwa iwo anali anthu a zipani amene anakanidwa m'nyumba mwawo, anthu n'kukawavotera panja.

Chachiwiri, pa pakamwa pa phungu wanu. Mukamutuma kuti akafunse za msewu wa Jenda kudzafika kuno ku Edingeni, umene mwamva ukulonjezedwa pamisonkhano yosawerengeka, kapena za mankhwala kuchipatala, kapena za makuponi, iye amayeza kaye: ndikalankhula, bwana andiona bwanji? Ngati chipani chake chimalanga olankhula, adzakhala chete, n'kumangowomba m'manja. Mwatuma munthu, koma pakamwa pake mwatsala kulikulu la chipani.

Chachitatu, pa voti yanu yomwe. Gawo 65 la malamulo aakulu limati phungu wosankhidwa pa chipani china akawolokera ku chipani china m'Nyumba ya Malamulo, mpando wake ukhale wopanda munthu, abwerere kwa inu. Koma mwaona nokha kuti lamuloli lakhala likuzembedwa. Mu 2007 ndi 2008 mkangano wa gawo limeneli unachedwetsa bajeti ya dziko miyezi yathunthu. Njovu zinkamenyana, udzu ndi umene unkaphwanyika. Panalinso gawo 64, limene linkakupatsani mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanakwane. Aphungu analifafaniza mu 1995, chaka chimodzi chokha chilowereni m'Nyumbamo. Choncho chida chachikulu chimene chatsala m'manja mwanu ndi kufunsa musanavote.

MAFUNSO OTI MUWAFUNSE

Akabwera ndi zimkuzamawu ndi magalimoto, alandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu. Gule akatha, fumu kapena mayi mmodzi wolimba mtima aimirire, afunse:

1. Mtsogoleri wa chipani chanu anasankhidwa liti, ndi yani, ndipo anapikisana ndi yani? Ngati anaima yekha, enawo anaopa chiyani?

2. Amene anagonja pampikisanowo ali kuti lero? Akadali m'chipani, kapena munamupirikitsa?

3. Munthu womaliza amene munamuchotsa m'chipani analakwa chiyani? Munamuitana kuti adziyankhire, kapena anangomvera pawailesi?

4. Malamulo a chipani chanu ali kuti? Tioneni nawo, mutiwerengere m'chinenero chathu ndime yonena za kusankha phungu.

5. Inu ofuna uphungu, tiuzeni chinthu chimodzi chimene simugwirizana nacho m'chipani chanu. Chipani chikadzafuna china, ife anthu a kuno tikufuna china, mudzaima mbali iti?

Pa funso lomalizali muyang'anitsitse nkhope yake. Akati, "Ine ndimagwirizana ndi bwana pa zonse," dziwani kuti mwina akunama, mwina akuopa. Wabodza ndi wamantha, onse awiri sangakunyamulireni katundu.

Akafuna kutseka mafunso anu ndi ndalama kapena nsalu, akumbutseni kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti. Fodya wa pamphuno amakoma, koma zaka zisanu n'zambiri.

TIYAMBE IFE

Pomaliza, tisaloze atsogoleri okha. Nafenso tili ndi makomiti a nthambi, a dera, a chitukuko cha m'mudzi, a sukulu, a mpingo. Mnyamata akafunsa kuti ndalama za njerwa zinayenda bwanji, timamuyankha kapena timati ndi wamwano? Mayi akatsutsa maganizo a wapampando, timamumvera kapena timati watumidwa ndi chipani china? Mnansi akavala chitenje cha mtundu wina, timapitabe kukapala moto kwawo? Atsogoleri amene timadandaula nawo anakulira m'midzi ngati yathu yomweyi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu ikachuluka siingaganize chimodzimodzi. Denga limakwera chifukwa anthu osiyana maganizo agwirizana ponyamulira.

Inu achinyamata amene munabadwa nyali itapambana kale, dziwani kuti ufulu wofunsa umene muli nawo unagulidwa modula. A Orton Chirwa anaufera m'ndende. Mayi Chibambo anautayira zaka 30 kudziko la eni. Musaugulitse pomenya mnzanu chifukwa wadzudzula mtsogoleri wanu. Amene akukutumani kukamenya wotsutsa lero, mawa mukadzatsutsa inu adzatuma ena.

Mu 1993 tinayatsa nyali kuti dziko lione. Inaunika pabwalo, zipani zinachuluka, ndende za andale zinatseguka. Tsopano itengeni mulowe nayo m'nyumba, muunike kuseri kwa chitseko cha chipani chilichonse, kuyambira chanu chomwe. Chimene chikuopa kuunikidwa musachipatse voti yanu.

Pepalali mukawerenga musalisunge m'thumba. Kawerengereni agogo amene maso anafooka, mukapatsenso mnzanu wa chipani china, mukambirane. Mukasemphana maganizo, palibe cholakwika. Mukatero mudyere limodzi nsima.

Mulungu adalitse Malawi.